Kuzizira kwayamba: gasi, chuku pakhoma ndi bini yomwe sanakhuthule

Loweruka, 25 Okutobala 2025

Make Tadala: Mwaswera bwanji nonse akuluakulu. Ndine mlendo pagulu pano komanso m'dziko muno la UK. Ndinafika mu Meyi ndi ana awiri, tikukhala tauni ina kufupi ndi Birmingham, ndipo ntchito yanga ndi yosamalira okalamba. Paja safunsa anadya phula, ndiye ndati ndifunse. Nyumba yayamba kuzizira koopsa, makamaka m'bandakucha. Lachitatu ndinaika £20 pa khadi la gasi kuti ndiyatse heating (zotenthetsa nyumba) koyamba, koma nditangolowetsa khadilo mita inameza ndalama zambiri, n'kungotsala zochepa. Chifikireni gasi sindinamukhudze chifukwa shawa ndi chitofu n'zamagetsi. Kodi andibera? M'mawa uliwonse mazenera akumachucha madzi mkati, ndipo kuseri kwa bedi la ana khoma layamba kuda ngati chimanga chachuku. Dzulonso otenga zinyalala asiya bini yanga osakhuthula, angomata kapepala pachivundikiro. Mutu waima abale.

Anambewe (Glasgow): Takulandirani achemwali, khazikani mtima pansi. Sanakubereni ayi. Kuno kuli ndalama yomwe amati standing charge, imene umalipira tsiku lililonse chifukwa chongolumikizidwa, ugwiritse usagwiritse. Ya gasi ndi pafupifupi 30p patsiku. Mita yanu yakhala ikuwerenga ngongoleyo mwakachetechete kuyambira Meyi, ndiye mutaika £20 inayamba yadzibwezera kaye. N'zosiyana ndi mayunitsi a ESCOM amene mukapanda kuyatsa kanthu amangokhala chikhalire. Chaka chamawa muziika £5 kapena £10 mwa apo ndi apo ngakhale kukutentha, kuti kuzizira kukadzabwera musadzayambire pangongole. Imbiraninso kampani yanu ya gasi, muone ngati akaunti ili m'dzina lanu, chifukwa nthawi zina khadi limakhala ndi ngongole ya amene anatuluka m'nyumbamo.

Make Tadala: Khadi ndinalipeza m'dirowa ya kukhitchini, landilodi anati ndizigwiritsa lomwelo.

Anambewe (Glasgow): Ndiye imbani Lolemba m'mawa ndithu. Muwauze tsiku lomwe munalowa, akupatseni khadi lanu.

Bambo a Yamikani (Luton): Achemwali, ine ndikuuzeni zomwe ndimachita. Heating sindiyatsa mpaka Disembala. Aliyense m'nyumba amavala juzi ziwiri ndi masokosi, mazenera ndimamata ndi tepi kuti mphepo isalowe, usiku tonse timakhala pabalaza ndi kahita kamodzi kamagetsi. Ndili ndi ana atatu kuno, ana awiri a malemu achimwene anga ndikuwalipirira sukulu ku Mzimba, mayi anga amadalira ine. Pa chiphaso chathu cha ntchito analemba kuti thandizo la boma si lathu, ndiye paundi iliyonse yolowa mu boiler (makina otenthetsa nyumba ndi madzi) ndi paundi yomwe sinapite kumudzi. Kuyambira pa 1 Okutobala a Ofgem, bungwe loyang'anira mitengo ya gasi ndi magetsi, akwezanso, akuti nyumba wamba izilipira £1,755 pachaka. Ndalama zimenezo ndizitenga kuti?

Anambewe (Glasgow): Achimwene, katundu amene mwasenza ndikumumvetsa, nanenso ndimatumiza. Koma mundikhululukire, pamenepa ndikutsutsani, ndipo nditsutsa mwamphamvu chifukwa mlendoyu ali ndi ana aang'ono.

Ndiyambe ndi kahitako. Yuniti imodzi yamagetsi kuno ndi yokwera mtengo pafupifupi kanayi kuposa yuniti ya gasi. Kahita ka 2,000 watts kamadya mayunitsi awiri pa ola limodzi. Mukakayatsa madzulo onse mwalipira ndalama yomwe ikanatenthetsa zipinda zingapo ndi gasi. £1,755 ija si malire a bilu yanu, ndi chitsanzo chabe. Chimene Ofgem amaikira malire ndi mtengo wa yuniti ndi standing charge, ndiye wogwiritsa zambiri amalipirabe zambiri.

Koma chomwe chikundipweteka kwambiri ndi tepiyo. Ndine namwino, ndagwira zaka 18 m'chipatala kuno, ndipo chaka chilichonse masamba akangoyamba kuyoyoka timayamba kulandira ana obanika ndi mphumu komanso akuluakulu a chibayo. Ukawafunsa za kunyumba, nkhani imakhala imodzimodzi, kuzizira ndi chinyontho. Munthu akamapuma, mphika ukamawira, zovala zikamauma m'nyumba, madzi onsewo amakhala mumpweya. Akakumana ndi khoma lozizira amasanduka mame, ndiye chuku chimamera. Mukamata mazenera mwatsekera madziwo m'nyumba. Azaumoyo kuno amati chipinda chomwe anthu akukhalamo chisatsike kuposa madigiri 18. Pamenepo ndiye pansi penipeni. Kupulumutsa ndalama kuyambire pamwamba pa 18, osati pansi pake.

Nachisale (Manchester): Anambewe anena zoona. Ife kuno sitiiwala mwana uja Awaab Ishak wa ku Rochdale, pafupi pomwepa. Anamwalira mu Disembala 2020 ali ndi zaka ziwiri zokha, ndipo mu 2022 bwalo lofufuza za imfa linagamula kuti chinamupha ndi chuku cha m'nyumba momwe ankakhala. Makolo ake anali obwera ngati ife tomwe, anadandaula kambirimbiri osamvedwa. Lamulo lotchedwa dzina lake likuyamba kugwira ntchito mkuja Lolemba, pa 27 Okutobala, ku England. Pakadali pano likukhudza nyumba za khonsolo ndi za mabungwe a nyumba. Make Tadala, ngati yanu ndi ya landilodi wamba, jambulani khomalo lero, mumulembere uthenga osati kungomuimbira, musunge zonse. Akapanda kuchitapo kanthu khonsolo ili ndi ofesi yoona zaumoyo wa m'nyumba. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Make Tadala: Thupi langa lachita tsembwe. Wamng'onoyu ali ndi zaka zitatu ndipo wayamba kale kutsokomola usiku. Ndiyambire pati lero lomwe?

Anambewe (Glasgow): Sunthani bedi lichoke pakhoma, pakhale mpata woti dzanja n'kulowa. Pukutani chukucho ndi mankhwala ake, amagulitsa m'masitolo onse, ana ali kunja kwa chipinda ndipo zenera lili lotsegula. M'mawa uliwonse pukutani madzi a pamazenera ndi kansalu, mutsegule mazenera mphindi khumi, kenako mutseke. Pamwamba pa mazenera ambiri pamakhala timipata totsegula ndi chala, tisiyeni totsegula nthawi zonse. Pophika vundikirani mphika, tsekani chitseko cha kukhitchini, yatsani fani yokoka nthunzi. Zovala musayanike pa radiator, chitsulo chotenthetsa chipinda chija. Ngati kunja kuli kamphepo yanikani kunja ngakhale dzuwa kulibe, zimaumako ndithu, n'kudzamalizitsa m'chipinda chimodzi chotseka chitseko, zenera lili pang'ono. Chifuwacho chikapitirira mupite naye kwa dokotala, ndipo mukawauze za khomalo.

Bambo a Yamikani (Luton): Ndamva. Za mwana wa ku Rochdale ndinazimvapo koma sindinaganize kuti tepi yanga ikulowa m'nkhani yomweyo. Koma ndifunsebe, ndikayatsa heating ndichepetsa pati? Malipiro sanakwere.

Mphatso (Leeds): Ankolo, yambani ndi boiler yeniyeniyo. Ngati ndi ya combi, yopanda thanki ya madzi otentha, kutsogolo kwake kuli kotembenuza kokhala ndi chithunzi cha radiator. Ambiri amakasiya pa madigiri 75 kapena 80. Tsitsani pa 60. Nyumba imafundabe, imangochedwerapo pang'ono, koma gasi amapita wochepa chifukwa boiler imagwira bwino madzi akamabwerera asanatenthe kwambiri. Okhala ndi thanki asatsitse madzi a m'thankimo kuchoka pa 60, chifukwa mumaswana tizilombo toyambitsa chibayo choopsa.

Anambewe (Glasgow): Mphatso wanena bwino. Onjezani izi. Mphepo yolowera pansi pa chitseko chakunja ndi pabowo la makalata, imeneyo tsekani, chitenje chakale chokulunga chimakwanira. Makatani tsekani kukangoyamba mdima, koma asaphimbe radiator. Zovala chapani pa madigiri 30. M'ketulo thirani madzi okwana makapu omwe mukufuna basi, chifukwa ketulo imakoka mphamvu kuposa kahita kanu kaja. Ndipo ngati mukufuna kufunda pampando madzulo, bulangete lamagetsi limadya pafupifupi 100 watts, kahita 2,000.

Malume a ku Area 25: Moni nonse kuchokera kuno ku Lilongwe, anandilowetsa pagulu pano ndi mlongo wanga Nachisale. Inu mukulira kuzizira ife tikupsa, Okutobala wa chaka chino usiku tikugona zitseko zili pululu. Ndimati ndifunse, m'masitolo mwanumo makala owotchera nyama amapezeka, si choncho? Bwanji osangokoleza kambaula madzulo ngati timachitira ku Dedza mu Juni, ana awothe, gasiyo mumusiye?

Anambewe (Glasgow): Ayi malume, chonde chonde. Aliyense amene akuwerenga pano amve: makala m'nyumba ayi, ngakhale atayaka bwino osafuka utsi, ngakhale kwa mphindi zochepa. Amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka, wosanunkha. Umayamba ndi mutu, chizungulire, tulo, kenako munthu sadzukanso. Nyumba za kuno n'zotsekeka ngati botolo. Ngakhale kwathu komweko, nyengo yozizira iliyonse timamva za anthu opezeka atafa m'chipinda momwe analowetsa mbaula, mabanja athunthu nthawi zina. Malume, ku Dedzako muziwauza abale atulutse mbaula asanagone.

Make Tadala, onaninso ngati pafupi ndi boiler pali kachipangizo kolira kakamva mpweya umenewu. Ku England kuyambira Okutobala 2022 landilodi amakakamizidwa kukaika, komanso chaka chilichonse ayenera kubweretsa katswiri wovomerezeka kudzayeza gasi n'kukupatsani pepala lake.

Malume a ku Area 25: Ndathokoza amayi, ndalakwitsa. Ndiwauza ndithu, mayi athu amakonda kugona nayo mbaula pafupi.

Aphiri (Wales): Pepani ndachedwa, ndinali kuntchito. Nkhani ya bini ndi yanga, ndakhala zaka zisanu ndi chimodzi ndikuthamanga kumbuyo kwa galimoto ya zinyalala. Achemwali, munaikamo chiyani mu biniyo?

Make Tadala: Mabotolo, zitini, makatoni, majumbo, matewera otaya a mwana. Zonse ndinamanga bwinobwino m'thumba lakuda kuti zisanunkhe.

Aphiri (Wales): Ndiye anzanga aja sanalakwe. Thumba lakuda sitingaone mkati mwake, ndipo kosankhira zinyalala alibe nthawi yomasula, amangoliponya kotaya. Matewera ndiwo oipitsitsa. Limodzi likaphulika m'galimoto limaipitsa mapepala ndi makatoni a msewu wonse, katundu amene anthu anasankha mosamala n'kukathera kowotcha. Kumalo kosankhirako si makina okha, kulinso anthu oima pa lamba amene amatola ndi manja, ambiri ndi obwera ngati ife. Muziwakumbukira mukamaponya kanthu.

Mitundu ya mabini isakusokonezeni, khonsolo iliyonse ili ndi yake, ya buluu kwanu ikhoza kukhala ya mapepala pomwe kwa Nachisale ndi ya zina. Lembani postcode (nambala ya dera lanu) patsamba la khonsolo muone. Koma pali zomwe zili chimodzimodzi pafupifupi kulikonse. Zitini ndi mabotolo tsukuluzani, madzi otsala potsuka mbale amakwanira. Makatoni aphwanyeni, ndipo nyengo ino yamvula asanyowe. Majumbo ndi mapepala apulasitiki ofewa, monga a buledi, amakola makina, apititseni ku Tesco, Sainsbury's kapena Co-op, masitolo awo akuluakulu ali ndi poponya pakhomo. Mabatire ndiye ndikupempheni ndi mtima wonse, asalowe mu bini iliyonse. Galimoto ikamapanikiza zinyalala batire limaphulika. Ine ndinaonapo utsi ukutuluka kumbuyo tili pakati pa nyumba za anthu, dalaivala anachita kukhuthulira zonse pamsewu ozimitsa moto asanafike. Mabatire ali ndi kabokosi kawo m'masitolo.

Mphatso (Leeds): Ankolo Aphiri, ndifunse mosabisa. Kodi zonsezi zimathandizadi? China itasiya kulandira zinyalala zapulasitiki mu 2018, dziko lino linangoyamba kutumiza kwina monga ku Turkey, ndipo atolankhani anakapeza mapaketi a masitolo a kuno atatayidwa m'mbali mwa misewu kumeneko, ena akuwotchedwa. Ife tikutsuka timabotolo ta yogati, makampani akupanga matani ndi matani tsiku lililonse. Nthawi zina ndimaona ngati amangotipatsa chochita kuti tisawafunse mafunso.

Aphiri (Wales): Mphwanga, theka la zomwe wanenazo sindingatsutse. Pulasitiki ndi wovuta, wambiri sabwereranso kukhala chinthu chabwino, ndipo wotumizidwa kunja uja ine amandichititsa manyazi. Koma usaphatikize zonse mumphika umodzi. Chitini cha aluminiyamu chikasungunulidwa chimatenga pafupifupi magawo asanu okha pa 100 a mphamvu yomwe ikanafunika kupanga chatsopano kuchokera ku miyala, ndipo chimabwerera kangati konse. Galasi chimodzimodzi, silitopa kusungunulidwa. Zimenezi zili ndi ogula enieni. Kuno ku Wales pafupifupi magawo awiri mwa atatu a zinyalala zomwe makhonsolo amatolera amabwezeretsedwa, pomwe England sinafike n'theka lomwe. Anthu ake ndi amodzimodzi, kusiyana kwake n'koti kuno zakudya zotsala timatenga pazokha sabata iliyonse ndipo anthu anazolowera kusankha. England yauzidwa kuti ichite zomwezo pofika pa 31 Malichi 2026. Pa pulasitiki ndiye ndikugwirizana nawe, mankhwala ake n'kusamugula. Ufa ndi mpunga ndimagula thumba lalikulu, tomato ndi anyezi wosakulunga.

Mphatso (Leeds): Za zitini ndi galasi ndavomera. Za makampani ndikadali pomwepo.

Aphiri (Wales): Khala pomwepo, ndipo uziwalembera aphungu ako. Koma thewera lisalowe mu bini ya makatoni.

Malume a ku Area 25: Ine ndikumvetsera ndikudabwa kuti zomwe mukuphunzitsanazi ndi zomwe tinakula nazo. Botolo la Fanta sunkagula popanda kubweza lina. Chitini chinkasanduka koloboyi, tayala nkukhala nsapato, chigubu cha mafuta ophikira mpaka lero chimatunga madzi zaka zisanu. Chatigonjetsa ndi jumbo. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, khoti lalikulu la apilo linavomereza chiletsocho mu 2019, koma pitani pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe pafupi ndi msika muone. Mvula yoyamba ikagwa mwezi wamawa ngalande zonse zitsekeka. Ndipo poti muli komweko ndipempheko chimodzi. Zovala zomwe mumaponya m'mabini a zachifundo, zina zimafika kuno m'mabelo a kaunjika. Mlamu wanu amagulitsa kaunjika, ndipo masiku ano belo likatsegulidwa gawo lina limakhala nsanza zoti sangagule munthu. Iye walipira kale belo lonse. Chong'ambika musatitumizire.

Nachisale (Manchester): Achimwene mwanena mawu. Mabotolo obweza aja akuti abwereranso kuno mu Okutobala 2027, uzidzalipira kandalama pogula chakumwa n'kukatenga pobweza botolo.

Ine nkhani yanga ndi masamba ndi maungu. Sabata ino misewu yadzaza masamba, anthu akuwakokolola n'kuwataya. Ine ndili ndi kadimba komwe ndimachita lendi kukhonsolo, ndiye ndimawatolera m'matumba, kuwaza madzi pang'ono, kuboola timabowo, n'kuwaiwala kuseri kwa shedi. Pakatha chaka kapena ziwiri amasanduka dothi lakuda lofewa, ndipo chaka chino nkhwani ndi mpiru zanga zinakula ndi manyowa amenewo, feteleza osagula. Ndikamawaona ndimakumbukira mmene timatenthera mapesi kumudzi mwezi uno pososa, mtima umandiwawa.

Ndiye Lachisanu likudzali ndi chikondwerero cha Halloween. Make Tadala mudzaona zodabwitsa, maungu aakulu osemedwa nkhope ali pamakomo, mawa lake onse mu bini. Chakudya chenicheni. Osemedwa amene agona panja ndi kandulo musadye, amenewo ndi a manyowa. Koma pa 1 Novembala masitolo amatsitsa mtengo wa otsala osasemedwa. Aakulu kwambiri aja amakhala amadzimadzi, sankhani ang'onoang'ono olemera. Ine ndimaphika, ena ndimadula n'kusunga mufiriji, nthanga ndimakazinga ndi mchere.

Bambo a Yamikani (Luton): Poti tafika kukhitchini, nyemba ndiye zimandidyera magetsi. Maola atatu chitofu chili chiyakire, mazenera onse nthunzi yokhayokha.

Nachisale (Manchester): Zinyikeni usiku wonse achimwene. M'mawa muziwiritse kwambiri, zibwadamuke ndithu mphindi zosachepera khumi, makamaka zofiira zija chifukwa zikapanda kuwira bwino zimatsegula m'mimba. Zikawira mphindi 20 kapena 30, chotsani mphika uli wovundikira, muukulunge m'bulangete lakale, muuike m'dengu kapena m'katoni. Pakatha maola anayi mudzapeza zapsa, n'kungotenthetsanso pothira tomato. Ndimaphika zambiri kamodzi n'kugawa m'timakontena.

Malume a ku Area 25: Imeneyo ndiyesa ine kuno. Thumba la makala lafika podula mosaneneka, ndipo ku Dzalanyama komwe amachokera mitengo ikutha tikuona. Mayi a kunyumba anagula chitetezo mbaula, yadothi ija, nkhuni zikupita zochepa kusiyana ndi pamafuwa. Ndi bulangete lakelo ndiye kuti nyemba sizitiopsanso.

Lamlungu, 26 Okutobala 2025

Anambewe (Glasgow): Mwadzuka bwanji. Kumbukirani kuti usiku wathawu nthawi yabwerera m'mbuyo ndi ola limodzi. Mafoni asintha okha, koma kawotchi ka boiler kambiri sikasintha, ndiye heating iziyaka ola limodzi musanadzuke n'kuzima inu mukuvala. Konzani lero. Kumudzi tsopano ali patsogolo ndi maola awiri, musawaimbire agogo atagona. Kuno lero dzuwa lilowa isanakwane 5 koloko, ndiye amene mukadali ndi mababu akale otentha aja sinthani muike a LED.

Make Tadala: Ndadzuka bwino amayi, ndangofika kumene kuchokera ku ntchito ya usiku, tagwira maola 13 m'malo mwa 12. Dzulo ndisanapite ndinasuntha bedi ndipo ndinapukuta khoma. Kuseri kwa kabati ndinapezanso china chachikulu kuposa choyamba chija. Ndajambula zonse ndipo landilodi ndamulembera. Kachipangizo ka mpweya kalipo koma nditadina sikanalire, ndalembanso zimenezo. Bini ndakhuthulira pansi n'kusankhanso ndi ana, Tadala ndiye wakhala woyang'anira zitini. Usiku wathawu mnzanga amene amagona ndi anawa akuti wamng'ono anatsokomolabe, ndiye mawa ndiimbira dokotala ndikangomaliza ndi a gasi.

Anambewe (Glasgow): Mwachita bwino. Kachipangizoko musadikire sabata, akapanda kuyankha pofika Lachiwiri mutiuze pano tikuthandizeni kalembedwe kake. Mukaona mwana akupuma movutikira, nthiti zikulowa mkati, musadikire mawa, imbani 999 kuitana ambulansi.

Bambo a Yamikani (Luton): Tepi ndamatula m'mazenera onse. Boiler inali pa 80, ndatsitsa pa 60, ndipo ndatchera kuti iziyaka ola limodzi m'mawa ndi maola awiri madzulo. Ndalemba manambala a pamita lero, ndidzalembanso Lamlungu likudzali kuti ndione chenicheni. M'chipinda cha anyamata kuseri kwa katani nakonso kunali kwakuda, sindinkadziwa.

Nachisale (Manchester): Make Tadala, ndili ndi makatani awiri ochindikala amene ndinachotsa titasamuka, ndi majuzi a ana a zaka zitatu mpaka zisanu ndi chimodzi, onse abwinobwino. Loweruka mwana wanga akupita ku Birmingham pa basi. Ndilembereni kumbali muyezo wa mazenera anu, ngati ndi aatali ndiwapinde lero.

Make Tadala: Zikomo kwambiri amayi, Mulungu akudalitseni. Tepi yoyezera ndilibe, ndiyeza ndi chitenje ndikadzuka.